Mmene Mungachepetsere Katundu M'nyumba Popereka kwa Ena

Katundu amachuluka m'nyumba mwakachetechete, ndipo mwini wake amadzazindikira tsiku limene kabati yakana kutsekeka kapena pansi pa bedi pasowa poika ngakhale nsapato. Kupereka zinthu zimene simukuzigwiritsanso ntchito kwa amene akuzisowa ndi njira yabwino yopezera malo, koma ntchitoyi imafuna kusankha mosamala, chifukwa wopereka mwachisawawa amangosamutsira zinyalala zake kwa munthu wina.

Yambani ndi chipinda chimodzi, kapena kabati imodzi yokha, ndipo tulutsani zonse kuti muzione bwino. Zigaweni m'milu itatu: zosunga, zopereka ndi zotaya. Pa zovala, dzifunseni ngati mwachivalapo chovalacho m'miyezi 12 yapitayi, popeza chaka chathunthu chimadutsa nyengo yozizira ndi yotentha yomwe, ndipo chimene sichinatuluke m'kabati nthawi yonseyo n'chokayikitsa kuti chidzatulukanso. Zinthu zokhala ndi chikumbutso, monga malaya a mwana amene anakula kalekale, muziyang'ane pomaliza, chifukwa mukayamba ndi zimenezo tsiku lidzatha mukungokumbukira zakale, mulu wopereka uli wopanda kanthu.

Zopereka zikonzedwe ngati mphatso. Chapani zovala ndi kuziyanika mpaka ziume, sokererani mabatani amene achoka, mangani nsapato ziwiriziwiri, ndipo pisani m'matumba monse, momwe nthawi zambiri mumatsalira makiyi, ndalama ndi mapepala okhala ndi zinsinsi zanu. Foni kapena kompyuta imafuna chisamaliro choposa apa: sungani zithunzi ndi mafayilo anu kwina, tulukani m'maakaunti onse, chotsani SIM khadi ndi memori khadi, kenako fufutani zonse kuti chipangizocho chibwerere mmene chinalili pochoka ku fakitale. Musaiwale kuikapo tchaja yake.

Pali zina zosayenera kupereka n'komwe. Mankhwala otsala, matiresi amene munalowa nsikidzi ndi zipangizo zamagetsi za mawaya osupuka zingavulaze wolandira. Chisoti cha njinga chimene chinamenyekapo pangozi chitayidwe ngakhale chikuoneka chabwino kunja, chifukwa chofewa cham'kati mwake chikaphwanyika kamodzi sichitetezanso mutu mokwanira.

Musananyamule katundu, funsani kaye kumene mukufuna kupereka, kaya ndi malo osamalira ana kapena okalamba, sukulu, mpingo, mzikiti kapena bungwe lothandiza ovutika. Ambiri a iwo alibe malo aakulu osungira zinthu, motero adzakuuzani zimene akusowadi, misinkhu ya zovala ndi tsiku lolandira. Lembani pa thumba kapena katoni iliyonse zimene zili m'kati, ndipo kaperekeni sabata isanathe, chifukwa thumba likakhalitsa pakhomo wina m'banjamo amalimasula, ndipo zinthu zimayamba kubwerera m'kabati chimodzichimodzi.