Mmene mungalembere pepala loyamba la maphunziro a za Canada muli ku Salima

Ophunzira ambiri akapatsidwa pepala la masamba khumi lokhudza Canada amalemba mutu wakuti "Chikhalidwe cha anthu a ku Canada". Pepala lotere limagwa lisanafike tsamba lachitatu, chifukwa limatenga dziko la zigawo zikuluzikulu 10 ndi madera 3 a kumpoto ngati mudzi umodzi wa mfumu imodzi. Choyamba dziwani kuti mukulemba za yani: eni nthaka, olankhula Chifalansa omwe ambiri ali ku Quebec, olankhula Chingerezi, kapena obwera m'zaka zaposachedwa. Sankhani gulu limodzi ndi funso limodzi.

Sabata yoyamba ikhale ya zaka ndi malamulo. Lembani pa pepala limodzi lokha: 1867, pamene madera anagwirizana kupanga dziko, 1876, lamulo la Indian Act lomwe linayika moyo wa anthu a First Nations, limodzi mwa magulu a eni nthaka, m'manja mwa boma, 1969, pamene Chingerezi ndi Chifalansa zinakhala zilankhulo zaboma zofanana mphamvu, 1980 ndi 1995, pamene Quebec inavota ngati idziyimire payokha, ndipo kachiwiriko okana anapambana pang'ono zedi, 1999, pamene dera la Nunavut linakhazikitsidwa. Pepalalo likhale pambali panu nthawi zonse. Buku kapena kanema aliyense muzimufunsa kuti anabadwa pafupi ndi chaka chiti.

Samalani mayina. Malamulo aakulu a dzikolo a 1982 amatchula magulu atatu a eni nthaka, omwe masiku ano amatchedwa First Nations, Inuit ndi Métis. Mawu akale akuti "Eskimo", onena za a Inuit, musawalembe, ndipo akuti "Indian" alembeni pokhapokha mukutchula dzina la lamulo lija. Mphunzitsi akaona mawu amenewa amadziwiratu kuti mwakopera m'buku lakale.

Sabata yachiwiri ndi yachitatu ndi ya makanema. Bungwe la National Film Board, lomwe linayamba mu 1939, lili ndi makanema ambiri aulere pa intaneti, ngakhale ena satseguka kunja kwa Canada, choncho yesani kaye musanalonjeze mphunzitsi. Ngati funso lanu ndi la malo, yambani ndi kanema wa Alanis Obomsawin wa 1993 wonena za mkangano wa ku Oka mu 1990, pamene a Mohawk, mtundu wina wa First Nations, anatseka njira pokana kuti bwalo la gofu likulitsidwe pa malo awo pomwe palinso manda. Aliyense amene anamvapo milandu ya malo m'mbali mwa nyanja cha ku Senga Bay sadzavutika kumvetsa mkwiyowo. Tsitsani kanemayo pa 480p, apo ayi bando itha musanafike pakati, ndipo tchajani foni masana magetsi akadalipo. Onerani kawiri. Koyamba musagwire cholembera. Kachiwiri lembani mphindi yeniyeni ya chochitika chilichonse chomwe mudzatchule, komanso amene akulankhula, chilankhulo chake, ndi mbali imene kamera yaima. Pepala la za kanema lopanda zimenezi limangokhala kufotokozanso nthano.

Pa zolemba musakumbatire zambiri. Nkhani zazifupi ziwiri za Alice Munro, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2013, zikukwanirani. Mukasankha wolemba m'Chifalansa monga Gabrielle Roy ndipo mukumuwerenga m'Chingerezi, nenani poyera kuti ndi zomasuliridwa, mutchulenso womasulira.

Pamene ambiri amaterereka ndi poyerekeza ndi kwathu. Kuyerekeza n'kwabwino, ndipo ndi pamene wophunzira wa kuno amaposa wa ku Toronto. Koma sukulu zogonera komweko zimene ana a eni nthaka pafupifupi 150,000 anapititsidwako sizifanana ndi sukulu za mishoni ngati za ku Nkhotakota. Ku Canadako boma linkapereka ndalama, mipingo inkayendetsa, ana ankachotsedwa kwa makolo mokakamiza, nkumalangidwa akalankhula chilankhulo chawo, ndipo ambiri anafera komweko. Komiti yofufuza choonadi pa za sukuluzi, ya Truth and Reconciliation Commission, inatulutsa lipoti lake mu 2015 ndi mfundo 94 zoti zichitidwe. Werengani chidule cha lipotilo musanalembe chiganizo chilichonse choyamba ndi "monganso kuno". Mukayerekeza, perekani ndime imodzi ku zofanana ndi ziwiri ku zosiyana.

Amene akufuna mutu wogwirika ndi manja ali nawo pafupi. Njanji ya Salima kupita ku Lilongwe inamangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi thandizo la Canada. Ku Mua, mukatsika msewu wa M5 cha ku Mtakataka, kuli malo a zachikhalidwe a Kungoni omwe anayambitsidwa mu 1976 ndi bambo Claude Boucher ochokera ku Quebec. Funso lakuti wansembe wolankhula Chifalansa anaona bwanji Gule Wamkulu likhoza kudzaza masamba khumi, bola mukapite nokha kukaona, mupemphenso chilolezo musanajambule.

Masabata awiri otsala ndi olemba. Sungani pepalalo pa fulashi komanso mudzitumizire pa imelo madzulo aliwonse. Mayina achifalansa alembeni ndi timizere take, monga Métis, ndipo kompyuta ikawasintha yokha muwabwezere musanasindikize.