Ma blade a laryngoscope, yesani kaye musanagoneke wodwala

Anzanga a ku theatre, blade ndi mbali ya laryngoscope imene timalowetsa mkamwa mwa wodwala kuti tione pakhosi poika chubu chopumira. Ma blade apulasitiki otaya aja ndi abwino popewa kupatsirana matenda, koma pa wodwala wonenepa kapena wa khosi lalifupi amatha kupindika mukamakweza, ma vocal cords (timinofu totulutsa mawu pakhosi) osaoneka, ndiye blade yachitsulo ya mtundu wa Macintosh, saizi 3 ndi 4, izikhala pafupi nthawi zonse. Yachitsuloyo ikangotuluka mkamwa itsukeni pompo ndi sopo ndi burashi magazi asanaume, makamaka pozungulira babu paja pamabisala litsiro, kenako ipite ku autoclave (makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha). Chonde osaisiya mu chlorine usiku onse, imachita dzimbiri. Handle nayonso muziipukuta, imaiwalika kwambiri. Blade ya fibre optic (yomwe kuwala kwake kumachokera mu handle) yamzere wobiriwira ija sigwira ntchito pa handle wamba, ndiye ilumikizeni pa handle yake muone kuwala musanapereke mankhwala ogonetsa.