Kalata yofunsa za laisensi ya mapulogalamu ikafika pa shopu yanu

Kalata yotere ingachokere ku bungwe ngati BSA (Business Software Alliance), loimira makampani opanga mapulogalamu a pakompyuta monga Microsoft ndi Adobe. Bungweli si boma ndipo si apolisi. Silingalowe mu shopu yanu n'kunyamula makompyuta popanda inu kuvomera kapena chilolezo cha khoti. Chimene eni mapulogalamu angachite ndi kukusumirani, poti lamulo la Copyright la 2016 limateteza mapulogalamu a pakompyuta.

Musayankhe pafoni, kaonaneni kaye ndi loya. Kenako lembani pulogalamu iliyonse imene ili pa kompyuta iliyonse, muifananize ndi risiti yake. Ambiri amakodwa apa: laisensi ndi ya makina amodzi, koma anaiika pa makina 5. Musafufute kalikonse panthawiyi, khoti lingati mukubisa umboni. Ngati makinawo munagula akale, Windows ilimo kale, mufunseni wogulitsayo chikalata cha laisensi.