Seva ya pakhomo isamamalize batire pachabe

Ngati seva yanu (kompyuta yotumikira zipangizo zina pakhomo) imadalira batire la inverter magetsi akathima kuno ku Lusaka, onani ngati processor (ubongo wa kompyuta) imagonadi ikakhala yopanda ntchito. Pa Linux lembani sudo powertop mu terminal (powertop ndi pulogalamu yoonetsa mmene kompyuta ikudyera magetsi), dinani Tab mpaka mufike pa Idle stats, muyang'ane mbali ya Pkg, yoonetsa tulo ta processor yonse: nambala ya C ikamakwera, tulo natonso timakula. Processor ya Intel ikamangothera pa C2 kapena C3, ndiye kuti ikudya magetsi pachabe. Makina ambiri atsopano amatha kufika C8.

Lowani mu BIOS (malo osinthira zinthu omwe mumalowamo kompyuta ikangoyaka) muyatse Package C-state (tulo ta processor yonse) ndi ASPM (njira yochepetsera magetsi pa makhadi a m'kompyuta). Kenako lembani sudo lspci -vv | grep ASPM. Kakhadi kamodzi kokha ka netiweki kapena NVMe (disiki yosungira mafayilo) kolembedwa "Disabled" kamaletsa processor yonse kugona tulo tatikulu.

Samalani ndi powertop --auto-tune, yomwe imayatsa yokha njira zochepetsera magetsi: nthawi zina imagonetsa kiyibodi ya USB, ndipo mukayatsanso seva zimene yasintha zimafufutika. Yezani ma watt pa soketi musanasinthe ndi mutasintha.