Momwe mungaziziritsire nyumba ndi air cooler nyengo yotentha kuno ku Mangochi

Okutobala akafika kuno ku Mangochi, malata amayamba kuthetheka dzuwa lisanafike n'komwe pamutu, ndipo usiku munthu umangotembenuka pamphasa thukuta lili kamukamu. Fani wamba imangokupemerera mpweya wotentha womwewo. N'chifukwa chake masiku ano m'nyumba zina pa boma, ku Mpondasi ngakhale ku Monkey Bay mumapeza air cooler, makina a matayala aja othiramo madzi. Chimene chimandimvetsa chisoni n'kuona munthu wagula makinawa ndi ndalama zovutikira, watseka mazenera onse, kenaka akudandaula kuti anamugulitsa chinthu chachabechabe. Air cooler si air conditioner, makina aja oziziritsa chipinda chotseka. Mukatsekera air cooler m'chipinda, mumangodziunjikira chinyontho.

Kagwiridwe kake n'kofanana ndi ka mtsuko wa agogo. Madzi a mumtsuko amazizira chifukwa ena amatulukira m'timabowo ta dothi n'kuuma ndi mphepo, ndipo pouma amatenga kutentha. M'makinawa muli kapampu kokweza madzi kuchokera m'thanki n'kumanyowetsa mapadi, zinthu zomwa madzi zokhala ndi timabowo, a kumbuyo ndi m'mbali. Fani imakoka mpweya kudutsa m'mapadi onyowawo n'kuutulutsa wozizira. Mpweya ukakhala wouma, monga umakhalira kuyambira Seputembala mpaka mvula isanagwe, madzi amauma msanga ndipo kuzizira kumamveka bwino.

Yambani ndi malo

Apa ndi pagona nkhani yonse. Ikani makinawa pafupi ndi zenera lotsegula, kumbuyo kwake kuloze panja kuti azikoka mpweya watsopano. Sankhani zenera la mbali yamthunzi: masana dzuwa likapendeka, la kuvuma ndiye labwino, osati la kuzambwe komwe khoma likuwotcha. Kenaka tsegulani zenera lina kapena chitseko mbali ina ya chipinda kuti mpweya wonyowa uzipeza potulukira. Popanda njira yotulukirayi, mpweya womwewo umazungulira m'mapadi mpaka kukhuta madzi, ndipo posakhalitsa khungu limayamba kumata, zovala m'kabati kununkha nkhungu.

Musawagundikize kukhoma, ndipo makatani asatseke kumbuyo kwake. Pansi pakhale pofanana, chifukwa akapendekeka madzi amanyowetsa mbali imodzi yokha kapena kudontha.

Thirani madzi, kenaka dikirani pang'ono

Zulani pulagi kusoketi musanathire madzi. Madzi ndi magetsi sizigwirizana, ndipo chingwe chisagone pamalo onyowa. Pa thanki pamakhala timizere tiwiri tosonyeza malire. Musapitirire ka pamwamba, komanso madzi asatsike kupyola ka pansi, poti pampu ikazungulira popanda madzi imapsa. Madzi a pampopi a Southern Region Water Board ndi abwino. A m'mijigo ina ya kuno amakhala ndi mchere, ndipo amasiya zoyerayera zolimba m'mapadi. Ngati ndi omwe muli nawo, gwiritsani ntchito, koma muzitsuka pafupipafupi. A kunyanja kapena a mu Shire muyambe mwawasefa ndi nsalu yoyera, mchenga usalowe m'pampu.

Mukayatsa, dinani batani la pampu, lomwe kawirikawiri limalembedwa kuti Cool kapena Pump, n'kudikira mphindi pafupifupi 5 kuti mapadi anyowe onse. Mukatero kwezani liwiro la fani. Ayezi kapena timabotolo touma m'firiji timathandiza, koma kwa kanthawi chabe. Musadzivutitse kugula ayezi tsiku lililonse.

Thandizani makinawa

Air cooler payokha singagonjetse malata opanda siling'i. Tsekani makatani a mbali yomwe dzuwa likuwomba, ndipo mbaula ikhale panja. Yatsani makinawa chipinda chisanatenthe kwambiri, musadikire kuti makoma apse kaye. Aloze pomwe anthu akhala, chifukwa amaziziritsa bwino malo omwe mphepo yake ikufika, osati nyumba yonse. Mwana wakhanda kapena munthu wa chifuwa cha mphumu asagone moyang'anizana ndi mphepoyo usiku wonse.

Za magetsi si zodetsa nkhawa kwenikweni. Onani kachikwangwani ka kumbuyo: makina a mawatsi 100 amadya yunitsi imodzi ya ESCOM pa maola 10, pamene air conditioner ya mawatsi 1,000 imamaliza yunitsi yomweyo pa ola limodzi. Omwe ali ndi sola, batire ndi inveta yokwanira amatha kuwayendetsa magetsi akazima. Akathima muli pakati pogwiritsa ntchito, zimitsani pasoketi kuti pobwera asaononge mota.

Udzudzu

Mfundo iyi ndikuitsindika kwambiri, chifukwa malungo kuno tonse timawadziwa, ndipo atilanda abale. Madzi ongokhala m'thanki ndi malo oswanirana udzudzu, ndipo kukatentha chonchi mazira amasanduka udzudzu wouluka pa sabata imodzi ndi masiku ochepa. Choncho madzi asamagonemo masiku ambiri. Muziwakhuthula pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo kamodzi pa sabata tsukani thanki ndi burashi ndi sopo pang'ono, n'kutsukuluza bwino. Mukaona ndere zobiriwira kapena mukamva fungo ngati la dambo, dziwani kuti mwachedwa kale. Tulutsani mapadi, muwatsukuluze ndi madzi oyera osawakwecha mwamphamvu, poti ambiri ndi a pepala lolimba ndipo amang'ambika. Zoyerayera za mchere zimasungunuka mukawaviika m'madzi osakaniza ndi viniga. Fumbi la Okutobala limatsekanso kasefa ka kumbuyo, musakaiwale.

Popeza zenera liyenera kukhala lotsegula ngakhale usiku, liikeni waya wotchinga udzudzu, ndipo gonanibe m'neti. Mphepo ya makinawa imalowabe m'neti, palibe chifukwa choikwezera.

Mvula ikayamba

Chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, mvula ikagwa, kunja kumatenthabe koma mpweya umakhala wodzadza kale ndi chinyezi. Madzi a m'mapadi sauma msanga, ndiye kuzizira kumachepa. Omwe nyumba zawo zili m'mphepete mwenimweni mwa nyanja amaziona msanga zimenezi. Masiku oterewa zimitsani pampu, khuthulani madzi, makinawa agwire ntchito ngati fani basi.

Mwera ukayamba kuwomba mu Meyi, ndi nthawi yowasunga. Tsukani thanki, yatsani fani yokha kwa ola limodzi kuti mapadi aume, kenaka phimbani ndi nsalu pamalo pomwe makoswe sangafike zingwe. Seputembala akamayandikira, onani mapadi. Ngati afewa, aphwanyika kapena fungo silikuchoka, gulani ena musanathire madzi.