Momwe mungalowere maphunziro a zaumbanda, makhoti ndi ndende muli ku Harare

Musanaganize za yunivesite iliyonse, yalani zikalata zanu patebulo: chiphaso chobadwira, chitupa, ndi masetifiketi a ZIMSEC. Mabanja athu ambiri a ku Mbare, Mabvuku ndi Mufakose ndi a agogo omwe adabwera kudzagwira ntchito kuchokera ku Nyasaland, ndipo si zachilendo kupeza dzina la Phiri litalembedwa Piri pa chikalata china, kapena chitupa chikunenabe kuti mwini wake ndi mlendo. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 limati munthu wobadwira muno malamulowo asanayambe, yemwe kholo lake linali mzika ya dziko la SADC ndipo munthuyo ankakhala muno pomwe malamulowo ankayamba, ndi mzika yobadwa nayo. Pitani ku Makombe Building, ku ofesi ya zitupa ndi ziphaso zobadwira, mukakonzetse zimenezi msanga, chifukwa ntchito za upolisi ndi za ndende zimafuna mzika, ndipo mzere wa kumeneko sufuna munthu wothamangira tsiku lotsekera mafomu.

Kenako onani magiredi. Mayunivesite a kuno amafuna maphunziro asanu a O Level, Chingerezi chili pomwepo, ndi awiri kapena kuposerapo a A Level.

Posankha kosi, musakopeke ndi dzina lokha, chifukwa maphunzirowa amabwera ndi mayina osiyana monga Criminology kapena Police and Security Studies. Pemphani mndandanda wa zomwe mudzaphunzire chaka ndi chaka, muone ngati muli malamulo a milandu, kayendetsedwe ka milandu kukhoti, milandu ya ana, ndi kusintha khalidwe la akaidi. Tsimikizaninso kuti kosiyo ndi yovomerezedwa ndi ZIMCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite. Amene ali pantchito angafunse ku Zimbabwe Open University, kapena ku UNISA ya ku South Africa, yomwe imaphunzitsa Criminology munthu ali kwawo. Makolo nawo amve izi poyera asanalipire fizi: digiri imeneyi simupanga mwana kukhala loya, ndipo simulowetsa yokha ku Zimbabwe Prisons and Correctional Service, komwe amalemba anthu ndi kuwaphunzitsa mwa njira yawo.

Podikira kalata yokuitanani, pitani kukhoti la majisitireti ku Rotten Row, mukhale pabenchi yakumbuyo m'mawa wonse. Milandu yambiri imazengedwa poyera, ndipo salipiritsa. Mudzaona anthu akukwera m'bokosi mmodzimmodzi, wina atavala yunifolomu ya kundende, mlandu wake nkuimitsidwa m'mphindi ziwiri, mayi ake atagwira chibwano panja. Lembani mu kope zomwe mwamva za belo ndi tsiku lobwereranso, kenaka mukawerenge gawo 50 la malamulo oyendetsera dziko aja, lomwe limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Ine ndimaona kuti m'mawa umodzi wotere umamuuza munthu ngati ntchitoyi angaithe kuposa mabuku a temu yonse.

Werenganinso za kusintha komwe kukuchitika, popeza mafunso a m'kalasi adzachokera pamenepo. Ndende ya amayi yopanda mpanda wokhwima idatsegulidwa ku Marondera mu 2021, lamulo latsopano la ndende lidabwera mu 2023, ndipo chilango cha imfa chidathetsedwa kumapeto kwa 2024.

Chaka chachitatu nthawi zambiri ndi cha attachment, kukaphunzira ntchito pamalo ogwirira ntchito, ndipo malo ake muyambe kufunafuna muli chaka chachiwiri, kaya kukhoti, kundende, kapena ku bungwe ngati ZACRO lomwe limathandiza akaidi ndi otuluka kundende. Mudzafunika kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, yomwe amapereka akadinda zala zanu. Pa fomu iliyonse yofunsa zinenero, lembani Chichewa mosachita manyazi. Ndi chimodzi mwa zinenero 16 zovomerezeka m'dziko muno, ndipo abale athu ogwidwa alibe mapepala paulendo wa ku Joni amafika kukhoti osamva Chishona kapena Chingerezi, pomwe lamulo likuti mlandu uwamasuliridwe m'chinenero chimene akumva.