Mmene foni inadzutsira ana pa phunziro la pendulum

Phunziro la pendulum (mwala womangidwa pa ulusi umene umalendewera n'kumapita uku ndi uku) linkandivuta chaka ndi chaka. Ndikalemba pabolodi, ana ankangokopera, ena akuwodzera, ndipo pamayeso ambiri ankalemba kuti mwala wolemera umayenda msanga kuposa wopepuka.

Ndinaika choko pansi. Gulu lililonse ndinalipatsa ulusi ndi timiyala tosiyana kulemera, koma asanayese, aliyense analemba zomwe akuganiza kuti zichitika. Apa ndi pomwe pagona nkhani: mwana akalosera, amafunitsitsa kuona ngati walondola. Kenaka ndi foni imodzi tinajambula vidiyo ya slow motion (yoonetsa zinthu zikuyenda pang'onopang'ono), miyala iwiri ikulendewera pa ulusi wotalika mofanana. Inkapita limodzi, n'kubwerera limodzi. Phokoso lake! Ena ankati foni ikunama, mpaka anabwereza okha ndi stopwatch, kuwerenga maulendo 10 n'kugawa nthawiyo ndi 10.

Anapeza kuti ulusi wa mita imodzi umatenga pafupifupi masekondi 2 kupita ndi kubwera, pomwe wa masentimita 25 umatenga sekondi imodzi. Dzina la Galileo, wasayansi wakale amene anafufuza za pendulum, ndinalitchula atakangana kale mokwanira. Intaneti sinafunike n'komwe. Chovuta chinali kulanda foniyo kwa omwe ankafuna kudzijambula.